Ku Mzuzu ndinapitira chinkhoswe, ndabwerako ndi nkhani ya mitsinje ya dzimbiri

Lachiwiri, 24 Juni. Mponela mpaka Mzuzu

Ndinafika pa siteji 7 koloko m'mawa, basi n'kubwera 10 itapitirira. Kondakitala anati anachedwa pa mzere wa mafuta ku Lilongwe, ndipo palibe amene anamutsutsa. Mpando ndinapeza wakumbuyo kwenikweni, pamwamba pa tayala, thumba la mtedza la achemwali lili pakati pa miyendo, msoti uli m'katoni pa maondo. Loweruka kuli chinkhoswe cha mwana wawo wachiwiri, ndipo nkhoswe ya kuchikazi ndine. Koma ndisabise, amene wandisowetsa tulo ndi mkulu wake, Naphiri, amene wabwera sabata yatha kuchokera ku Fairbanks, ku Alaska m'dziko la America, kumene akuchita maphunziro a za madzi. Ndinamuona komaliza zaka zinayi zapitazo pa bwalo la ndege, akulira ngati akupita kundende.

Msewu akuukonza, choncho mpaka kupitirira Kasungu tinkangopatukira m'fumbi. Pa Jenda ndinagula chipisi cha K2,000 chosadzaza ndi dzanja lomwe, komanso anyezi poti achemwali anandilamula. Jekete ndinaikumbukira titayamba kukwera mapiri a Viphya: inatsala pa msomali kuseri kwa chitseko kunyumba. Zenera la pambali panga silinkatsekeka. Pofika ku Chikangawa dzuwa linali litalowa, nkhungu itatseka msewu, dalaivala akuyenda ngati akusaka singano, ine ndili njenjenje. Mayi wina amene anakhala pafupi nane, wopita ku Ekwendeni, anatsegula chikwama natulutsa chitenje chatsopano, chikadali ndi kapepala kake. Analankhula m'Chitumbuka, ine ndinangotolapo mawu akuti "adada". Ndinafunda. Bambo wa zaka 57 kulowa mu Mzuzu atafunda chitenje cha maluwa, nkhuku pa maondo! Pa depoti ndinachipinda bwinobwino n'kuwabwezera mayiwo, ndi "yewo" yanga imodzi yomweyo imene ndimaidziwa.

Lachitatu, 25 Juni. Katawa

Mzuzu m'mwezi uno si malo a munthu wa ku Dowa. Ndadzuka nkhungu ili pakhomo penipeni, mvula ya mawawa ikugwa, ija yosanyowetsa koma yolowa m'mafupa. Ndavala juzi ya alamu, pamwamba jekete ya alamu, n'kukhala pa mbaula ngati gogo. Naphiri watuluka ndi kamalaya ka manja aafupi ndi masilipasi kukatsuka mbale panja. Ndinamukalipira kuti adwala chibayo. Anaseka mpaka kugwira khoma. Akuti kumene amakhalako, mu Januwale kumazizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro. Chimene chikumusautsa kuno ndi mdima, poti 6 koloko isanakwane kwada kale, pamene ku Fairbanks sabata ino dzuwa likukhala kumwamba pafupifupi maola 22.

Ntchito yanga ndi yokonza mijigo, ndipo ndaigwira zaka 26. Ndiye funso langa loyamba linali la ntchito: kumeneko madzi amawapeza pa mamita angati? Anati, "Amalume, mwayambira povuta. Mukakumba pang'ono mumapeza pouma gwa ngati mwala, koma si mwala. Ndi dothi loundana." Dzina lake ndi permafrost. Akatswiri amatchula choncho nthaka iliyonse imene yakhala pa ziro kapena pansi pake kwa zaka ziwiri zotsatizana osasungunuka, koma yambiri yakhala choncho zaka masauzande. Kumpoto kwenikweni kwa Alaska imapita pansi mamita pafupifupi 600, mbali zina za Siberia, ku Russia, imaposa 1,000. Ine mijigo imene ndimazula mapaipi ake ndi ya mamita 40, ikatalika 60. Ndinangoti kukamwa yasa.

M'chilimwe mwawo mumasungunuka kachikhungu kapamwamba kokha, pena theka la mita, pena mita imodzi kapena kuposerapo. Mitengo ndi udzu zimamera pamenepo. Pansi pake madzi salowa, ngati pansi pa thanki ya simenti. N'chifukwa chake ku Fairbanks, kumene mvula ndi chipale chofewa pamodzi zimangokwana mamilimita pafupifupi 300 pa chaka, kuli madambo ndi nyanja zing'onozing'ono zosawerengeka. Mzuzu amalandira mvula yoposa mamilimita 1,000. Kukanakhala kuno, dera la mvula ya 300 bwenzi tikupemphera pansi pa mtengo.

Anandiuzanso za ngalande imene asilikali a America anakumba m'phiri pa malo otchedwa Fox m'zaka za m'ma 1960, yolowa mkati mwenimweni mwa nthaka youndanayo. Akuti ukalowa umaona ayezi m'makoma, mizu ya udzu wakalekale, ndi mafupa a njati ndi a njovu zaubweya zija zinatha kalekale, zotchedwa mammoth. Fungo lake akuti ngati khola la mbuzi losasesa. Fungo limeneli ndisaliiwale, anatero, tidzalifuna mawa.

Madzulo anatenga kontena yakale ya majarini, nathiramo dothi la kuseri kwa bafa ndi madzi, n'kuboola kadzenje pamwamba ndi supuni, n'kuika mufiriji pafupi ndi nkhuku za pachinkhoswe. Achemwali atazipeza, mawu anamveka mpaka kwa aneba.

Lachinayi, 26 Juni. Msika, khonde, kenako mdima

M'mawa anandituma kumsika ndi mndandanda wautali ngati wa voti. Ndinakwera njinga ya kabaza, kuno amaitcha Sacramento, ya khushoni yofewa ndi timagalasi. Pa chitunda mnyamata wake anapempha kuti nditsike tikankhe, ndiye ndinalipira ulendo umene theka ndinayenda wapansi. Mpunga wa Kilombero wakwera moti ndinaimba foni kawiri kufunsa ngati ndiguledi.

Pobwera ndinapeza Naphiri watulutsa chidothi chake, chili gwa ngati njerwa yootcha. Anachiika pa mchenga pakhonde, nathira madzi ozizira m'kadzenje kaja. Madzi anakhala phee. "Iyi ndi nyanja, amalume. Muziiyang'anira." Ndinakhala pamenepo ndi tiyi, kadzuwa katatuluka pang'ono. Poyamba kadzenje kanayamba kukula, m'mbali mwake mukugwera mkati. Kenako pamwamba panayamba kutitimira. Tiyi wachiwiri asanathe, mng'alu unatseguka mbali imodzi, madzi onse psiti, kulowa mu mchenga. Panatsala phala la matope.

Akuti zimayenda choncho ndithu. Malo ena pansi pali ayezi wambiri kuposa dothi. Akasungunuka nthaka imatitimira, madzi n'kudzaza m'dzenjemo, nyanja yabadwa. Madziwo amasunga kutentha, ndiye amapitiriza kusungunula pansi ndi m'mbali, nyanja n'kumakula. Tsiku lina pansipo pamabowoka, kapena gombe limang'ambika, nyanja n'kupita. Izi ndinazimva msanga, chifukwa ndinathandizapo gulu lina kukumba damu la nsomba pa nthaka ya mchenga, litadzaza linauma sabata isanathe. Chimene chimagwira madzi ndi pansi pake. Kwathu ndi dongo, kwawoko ndi ayezi.

Mu 2005 akatswiri anayerekeza zithunzi za setilaiti za ku Siberia za m'ma 1973 ndi za m'ma 1997 ndi 1998. Nyanja zazikulu, zoposa mahekitala 40 iliyonse, zinatsika kuchoka pa 10,882 kufika pa 9,712, ndipo 125 zinazimiririka kotheratu, pamalo pake n'kumera udzu. Chodabwitsa n'chakuti kumpoto kwenikweni, kumene ayezi wapansi akadali wochindikala, nyanja zinachuluka. Zinkasowa cha kummwera, kumene ayeziyo wapyapyala ndipo ndi wa zigambazigamba. Anandionetsanso kanema wa ku Canada, kufupi ndi Fort McPherson, wa mu Julayi 2015. Kanyanja kanali pamwamba pa phiri, mbali ya phirilo ikugumuka pang'onopang'ono chaka ndi chaka, mpaka khoma linatha. Pafupifupi theka la madzi linagwera kuchigwa m'maola awiri okha, ngati mathithi a matope.

Ife tikamva kuti nyanja yauma timaganiza za Chilwa, mu 1995 kapena 2018, mvula itavuta, dzuwa n'kumaliza. Ija imabwerera mvula ikagwa bwino. Iyi yobowoka pansi, mvula ingagwe bwanji, mtsuko wake ndi wosweka. Ndinafunsa kuti nanga madziwo amapita kuti, poti madzi sasowa, amangosintha njira. Anati amayenda pansi n'kukatulukira m'mitsinje, ndipo mitsinje ikuluikulu monga Lena, Yenisei ndi Yukon tsopano imayenda ndi madzi ochuluka m'nyengo yozizira kuposa kale.

Magetsi anathima tikudya. Pa kandulo anabwereranso ku fungo la khola lija. Udzu, mizu ndi nyama zimene zinafa kalekale sizinawole, zinangosungidwa ngati nkhuku za achemwali mufiriji. Pansi pa nyanja pakasungunuka zimayamba kuwola popanda mpweya umene timapuma, n'kumatulutsa methane, mpweya womwe uja anthu amaphikira kuchokera ku ndowe za ng'ombe. Nyanja ikaundana pamwamba, thovu lake limakodwa mu ayezi. Pali mayi wina wa pa yunivesite ya Alaska Fairbanks, Katey Walter Anthony, wodziwika ndi kuboola ayezi pamene pali thovulo n'kuyatsa moto, malawi n'kulumpha kuposa munthu. Kaboni wa zinthu zakufazi, amene amatuluka ngati mpweya zikawola, amene ali mu nthaka youndanayo akuti ndi wochuluka pafupifupi kawiri kuposa amene ali mumlengalenga monse.

Kenako anandionetsa chithunzi chake iye mwini, ataima pakati pa nyanja, pansi pa mapazi ake pali madzi akuda ndi thovu loyera. Mwana amene ndinkamubereka kumbuyo powoloka kamtsinje ka Kasangadzi. Ndinafunsa kuti ayeziyo akasweka? Anati amayeza kaye kuchindikala kwake. Sindinagone bwino, ndipo sikunali kuzizira kokha.

Lachisanu, 27 Juni. Nkhata Bay

Nsomba za alendo amati zikagulidwe kunyanja, m'tauni n'zodula. Tinakwera Sienta, anthu asanu ndi atatu m'galimoto, ine theka la thupi lili pa giya. Msewu wotsikira kunyanja ndi wokhotakhota, ndipo dalaivala ankadya nthochi ndi dzanja limodzi. Ndinapemphera chamumtima. Titatsika mapiri ndinavula jekete ya alamu koyamba chifikireni.

Kunyanja tinapeza mwera ukuomba, mafunde ali oyera, mabwato ambiri ali kumtunda. Anati tidikire amene analimba mtima usiku. Tinadikira maola atatu pansi pa mtengo wa mango. Mayi wina wogulitsa nsima anatipatsa benchi yake osatifunsa ngati tigula, ndiye manyazi anatigwira, tinagula. Kondowole ndi batala wootcha. Kondowole ndimamulemekeza koma sindinamuzolowere: ukamutema amakukana, ukamumeza amakukhala pachifuwa. Naphiri anamaliza mitanda iwiri n'kunyambita zala. Akuti zaka zinayi za buledi ndi mpunga.

Pobwera paja tinawoloka Limphasa madzi ake ali odera, ine n'kunena kuti anthu akulima mpaka m'mphepete. Tili pa benchipo anatulutsa foni nati, "Nanga uwu, amalume, alima ndani?" Pa chithunzipo mtsinje uli pakati pa mapiri obiriwira, popanda nyumba, popanda msewu, popanda mgodi, koma madzi ake ali psuu ngati Fanta. Ndinati ichi ndiye ndikuchidziwa, ndi dzimbiri. Mudzi wina kwa Chakhaza uli ndi mjigo umene umatulutsa madzi oyera bwinobwino, koma ukawasiya mu ndowa mpaka masana amafiira, pansi n'kutsala zinyenyeswa. Amayi amadandaula kuti nsima imada ndipo malaya oyera a ana asukulu amathimbirira. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi marodi, zitsulo za m'kati mwa mjigo, ndinasintha onse, osasintha kanthu. Chitsulocho chili m'madzi momwemo, chosungunuka, chosaoneka. Chikakumana ndi mpweya m'pamene chimachita dzimbiri.

Anandiyang'ana ngati ndakhoza mayeso. Akuti n'chimodzimodzi, koma kwawoko pali china choopsa. M'mapiri a Brooks, kumpoto kwa Alaska, muli miyala yokhala ndi pyrite, uja wonyezimira ngati golide koma si golide. Zaka masauzande inali yotsekeredwa mu ayezi, madzi ndi mpweya osaifika. Tsopano pasungunuka, madzi akulowa, ndipo pyrite akakumana ndi madzi ndi mpweya amatulutsa asidi wa mtundu wa m'batire ya galimoto. Asidiyo amasungunula chitsulo, zinki, kopa, nickel ndi cadmium m'miyala n'kuzitengera kumtsinje. Pa timagwero tina anayeza pH, muyezo wa asidi m'madzi, n'kupeza 2.3, kuwawasa kwa mandimu, pamene mitsinje ya kumeneko imakhala cha pa 8. Kafukufuku amene anatuluka mu 2024, wotsogoleredwa ndi Jon O'Donnell wa ku bungwe loyang'anira mapaki la America, anawerenga malo 75 otere. Mtsinje wa Salmon, umene unkatchuka ndi kuyera kwa madzi ake, unafiira mu 2019. Pa kamtsinje kena kothira mu Akillik, mu 2017 munali nsomba, pofika 2018 madzi atafiira sizinapezekenso. Dzimbirilo limakuta miyala ya pansi, tizilombo timene nsomba zimadya n'kufa, ndipo limamatirira m'makha mwa nsombazo. Anthu a m'mudzi wa Kivalina amamwa ndi kuwedza mu Wulik, umodzi mwa mitsinje imene nthambi zake zafiira.

Ndinayang'ana nyanja yathu, ana akusambira pakati pa mabwato, mayi akutsuka mapoto, wina akutunga omwewo. Ndiye ndinafunsa funso limene ndimafunsa pa mjigo uliwonse ndisanatsegule bokosi la masipanala: chafa n'chiyani, tisinthe chiyani? Anati ukanakhala mgodi bwenzi akutseka potulukira n'kuthira laimu. Koma apa ndi mapiri athunthu, malo ofikako ndi helikopita basi, ndipo gwero lake ndi kutentha. Dera la Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, latentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse kuyambira 1979. Ntchito yawo ndi kuyeza, kulemba ndi kuchenjeza a kumunsi. Zaka 26 ndakhala ndikuuza makomiti a mijigo kuti palibe pampu yosakonzeka, vuto ndi ndalama ya sipeya. Pa benchi paja ndinasowa chonena, ndinangotola minga ya batala m'mbale.

Bwato linafika 2 koloko ndi nsomba zochepa, ogula tili khumi ndi kanthu. Naphiri anayamba kutsatsa malonda m'Chichewa cha ku Dowa chenicheni, chija cha agogo ake, mpaka msodzi anaseka natiikira ziwiri zapamwamba. Mtengo wake sindiulemba, alamu angawerenge.

Loweruka, 28 Juni. Katawa

Chinkhoswe chayenda bwino. Msoti wanga ndinaupereka, tambala ndinalandira, ndinalankhula osagwira pepala ngakhale maondo ankagwedera. Pelekanipelekani anatenga maola atatu, ndipo K50 zanga zonse zinathera pa nyimbo ziwiri.

Pa chakudya ndinakhala ndi bambo wina wa kuchimuna wa ku Masasa, amene nyumba yake inatsetsereka ndi mvula zaka zapitazo, usiku, iwo atangotuluka. Atamva kuti mtsikanayu amakhala ku America anati kumeneko zoterezi kulibe. Naphiri anagwada pambali pawo nawauza za Newtok, mudzi wa anthu a mtundu wa Yup'ik, umene mtsinje wa Ninglick unkadya gombe lake mamita pafupifupi 20 pa chaka chifukwa nthaka yasungunuka n'kufewa, mpaka anthu anayamba kusamukira ku Mertarvik mu 2019. Bambowo anafunsa chinthu chimodzi chokha: "Nanga manda awo?" Chimbale cha mpunga chinafika pomwepo, wina n'kumuitana Naphiri kukajambulitsa.

Lolemba, 30 Juni. Pobwerera

Dzulo ndinangogona, miyendo itatupa. Lero basi yanyamuka 7 koloko yeniyeni, zodabwitsa. Achemwali andipatsa khofi wa Mzuzu mapaketi awiri ndi jekete ya alamu, akuti ndidzabweze pa ukwati.

Chikangawa ndamuona masana tsopano. Ndili mnyamata tinkadutsa pano mumdima wa paini mbali zonse, fungo likulowa m'basi. Lero mapiri ambiri ndi zitsa, timitengo tating'ono apa ndi apo, milu ya utuchi, matabwa atasanjidwa m'mbali mwa msewu, ndi timisasa ta mapepala apulasitiki. Ndinakumbukira chimene Naphiri ananena usiku wa mdima uja, za dzenje la Batagaika ku Siberia. Anthu anadula nkhalango cha m'ma 1960, mthunzi unachoka, dzuwa linafika pa nthaka, ayezi wapansi n'kuyamba kusungunuka. Lero ndi chigwembe chotalika pafupifupi kilomita imodzi, ndipo chikukulabe chaka ndi chaka, matope ake akutsikira kumtsinje. Pansi pa Chikangawa palibe ayezi, izo ndikudziwa. Ndinangoyang'ana ngalande zofiira zimene mvula yakumba pakati pa zitsa mpaka tinafika pa mphambano ya Mzimba.

Pa Jenda foni inalira, wapampando wa komiti ina akuti mjigo wawo ukungopopa mpweya kuyambira Lachinayi. Ndi futuvavu imeneyo, kavavu ka pansi pa pampu, kapena rabala yatha. Ndawauza Lachitatu.

Mawa ndiyamba ndapita kwa Chakhaza. Naphiri wandipempha kuti nditunge madzi a pa mjigo uja mu ndowa yoyera, ndijambule 7 koloko, ndijambulenso 12 koloko, ndimutumizire pa WhatsApp asanakwere ndege Lachisanu. Akuti akufuna akaonetse anzake. Ndowa yoyera kunyumba kulibe, ndigula pa Kasungu basi ikaima.